Foni yolipira pang'onopang'ono koma yokana laini ina: mchemwali wanga atenge?

MwanaWaKawale
Akuluakulu pagulu pano ndithandizeni nzeru. Mchemwali wanga akufuna foni ya tachi yoti azitsatsira zitenje pa WhatsApp. Kushopu ina ku Old Town amuuza kuti foni yomwe waikonda ndi K300,000 akalipira pompopompo. Akafuna ya pang'onopang'ono apereke kaye K70,000, kenako K10,000 sabata iliyonse kwa masabata 40. Pamwamba pa apo akuti polowa SIM yoyamba pamangolola laini ya kampani imodzi mpaka ngongole idzathe, ndipo akadumphitsa sabata foniyo imadzitseka yokha. Kodi mtengo umenewu ndi wachilungamo? Nanga kumangirira munthu ku laini imodzi pa foni yomwe akulipira ndi thukuta lake, lamulo limalola?

OwerengeraMakobidi
Tiyambe ndi masamu achimwene, chifukwa ogulitsa amakonda kutchula ya pa sabata yokha. K10,000 kwa masabata 40 ndi K400,000. Kuphatikiza K70,000 ya poyamba ija, foni yatuluka pa K470,000. Koma ngongole yeniyeni si K300,000 ayi, ndi K230,000, poti ina ija wapereka kale tsiku lotenga. Ndiye akubwereka K230,000 n'kubweza K400,000. Ya pamwamba ndi K170,000, pafupifupi 74 peresenti, m'miyezi 9 yokha. Onaninso kuti akubweza sabata ndi sabata, kutanthauza kuti pofika pakati pa ulendo ndalama ya eni ake yambiri yabwerera kale, koma iye akulipirabe chimodzimodzi. Mukachiwerengera pa chaka chiwongola dzanja chimenechi chikudutsa 100 peresenti kutalitali. Poyerekeza, mu 2024 Reserve Bank inaika chiwongola dzanja chake pa 26 peresenti ndipo anthu tinadandaula kuti chakwera. Ine ndingamuuze kuti asasaine kaye.

Chinsapo_2
Ameneyo ndi katapila basi, wangovala yunifolomu ya shopu.

MaiZitumbuwa_Biwi
Ayi bambo a Chinsapo, musaweruze msanga. Inu a masamu mwawerenga bwino, koma tandiuzani banki yomwe ingandibwereke K230,000 ine wogulitsa zitumbuwa, wopanda pepala la malipiro, wopanda chikole. Kulibe. Ine foni yangayi ndinatenga mwanjira yomweyi. Ndisanaipeze ndinkangodikira odutsa pamsewu. Pano amayi a m'maofesi amanditumizira uthenga usiku kuti mawa tikufuna zokwana mwakuti, ndimakazinga ndikudziwa kale kuti zagulidwa, ndalama n'kulowa pafoni pomwepo. Ndinamaliza ngongole ndipo foni ndi yanga. Inde ndinalipira zambiri kuposa wa kashi, zimenezo ndinkazidziwa kuyambira tsiku loyamba. Koma wa kashiyo ali nayo kashiyo, ine ndinalibe.

OwerengeraMakobidi
Mayi, ndakumvani ndipo sindikutsutsa kuti inakuthandizani. Chomwe ndikufuna n'choti munthu aziuzidwa K470,000 ija poyera asanagwire cholembera. Inu munkadziwa. Ambiri amangomva "teni sauzande pa sabata" n'kuona ngati ndi zochepa.

Kabaza_Area25
Ine ndiyankhulepo za kutseka kuja, chifukwa zinandichitikira. Njinga inawonongeka injini, ndalama yonse ya sabata imeneyo inathera kwa makaniko. Tsiku lolipira litadutsa, m'mawa ndikudzuka foni yangosanduka chithunzi chimodzi chondiuza kuti ndilipire. Manambala a makasitomala anga onse ali m'menemo, amayi omwe ndimawatengera ana kusukulu, anyamata a ku Kanengo omwe ndimawanyamula akaweruka usiku. Ndiye taganizani, chinthu chomwe chimandipezetsa ndalama yolipirira ndi chomwe achitseka kuti ndilipire. Ndinachita kukabwereka kwa mlamu wanga. Mchemwali wanuyo afunse bwino: akachedwa amamupatsa masiku angati asanatseke, ndipo ikatsekedwa mafoni obwera amalowa kapena ayi. Makampani amasiyana pamenepa.

Nachisale_18
Pepani achimwene a kabaza. Koma kumbali ina, akapanda kutseka ndani angabweze? Tisanamizane, tikudziwana.

MkonziPaBwaloLaNjobvu
Ndikuona kuti pano tikusakaniza maloko awiri, ndiye ndilongosole poti ntchito yanga ndi yomweyi.

Loko woyamba ndi wa netiweki. Foni imakonzedwa kuti izingowerenga SIM ya kampani imodzi. Mukaikamo ina imakufunsani kodi. Kodi imeneyo imayenderana ndi nambala ya foniyo yotchedwa IMEI, ija imatuluka mukaimba *#06#. Mwini loko akakupatsani kodi yolondola, mwamasuka mpaka kalekale. Loko ameneyu ndi wakale, tinayamba kulimbana naye nthawi ya timafoni ta mabatani ndi ma dongle.

Wachiwiri ndi wa ngongole, ndipo ndi wina kotheratu. Uyu sakhala m'foni mokha. IMEI ya foniyo imalembedwa pa kompyuta za kampani, ndipo foni ikangogwira intaneti imafunsa kumeneko ngati mwalipira. Pa Samsung njira yake imatchedwa Knox Guard, ena amagwiritsa ntchito za makampani ngati PayJoy. Anthu amabwera pabenchi panga kuti "aise tangoiflasha." Ndimakana. Choyamba ndi katundu wa eni ake mpaka mutamaliza kulipira. Chachiwiri, ngakhale wina akulandireni ndalama n'kuifufuta yonse, ikangolumikizana ndi intaneti loko amabwerera. Mwataya ndalama kawiri.

Chomwe chimandimvetsa chisoni kwambiri ndi anthu ogula foni pamanja. Mwezi wathawu kunabwera mtsikana wa sukulu ndi foni yonyezimira, pulasitiki ya fakitale idakali kumsana. Anaigula kudepoti kwa mnyamata yemwe anati akufuna thiransipoti ya kumaliro. Inagwira bwinobwino mpaka sabata yomwe mnyamata uja analipira itatha, kenako uthenga wa ngongole n'kudzaza sikirini yonse. Anakhala pabenchi panga akulira, ndalama inali ya fizi. Palibe chomwe ndikanachita.

Foni ya mchemwali wanuyo, mwa mmene mwafotokozeramu, ili ndi maloko onse awiri.

MwanaWaKawale
Zikomo amisiri, apa ndiye mwanditsegula maso. Ndamufunsa kuti anditumizire pepala lomwe anamupatsa. Za loko wa ngongole zalembedwa, kuti akamaliza amachoka. Koma za laini palibe chiganizo ngakhale chimodzi. Zoti idzamasuka ngongole ikatha anangomuuza pakamwa.

MkonziPaBwaloLaNjobvu
Ndiye pamenepo m'pamene pali nkhani. Ndaonapo mafoni omaliza ngongole koma laini idakali yomangidwa, mwini wake akungozungulira pakati pa shopu ndi kampani, aliyense akuloza mnzake. Alembe papepala, ndi tsiku lake, ndi dzina la yemwe adzapereke kodi.

WakuJoni_Mchesi
Inu mukudabwa chani, kunja kuno ndi mmene anthu amagulira mafoni. Ku Johannesburg ukalowa shopu ya Vodacom kapena MTN mtengo womwe amaika pakhoma ndi wa pa mwezi, kontirakiti ya miyezi 24 kapena 36, foni ndi mphindi ndi data pamodzi. Koma kuti akupatse amafuna chiphaso, umboni wa malipiro ndi akaunti ya kubanki yoti azidulako okha. Ambiri a ife obwera sitikwanitsa zimenezo, timagulabe kashi. Chomwe ndimasirira kuno n'choti kuyambira 2006 munthu umatha kusamuka netiweki nambala yako osasintha. Kwathu 088 ndi TNM, 099 ndi Airtel, ukasamuka ndiye uyambe kuuza abale onse nambala yatsopano.

Chinsapo_2
N'chifukwa chake tonse timayenda ndi ma SIM awiri. Nkhani yatha.

MphunzitsiWopuma47
Siinathe bambo, yangoyamba kumene. Ndiloleni ndibwerere m'mbuyo pang'ono, chifukwa mkangano wa foni yomangidwa ku kampani imodzi unavuta kwambiri maiko a anzathu ndipo tingaphunzirepo.

iPhone yoyamba itatuluka mu June 2007, ku America inkapezeka pa netiweki imodzi yokha, AT&T, ndi kontirakiti ya zaka ziwiri. Mtengo unali madola 499 ndi 599. Anthu anagona pamizere kunja kwa mashopu, ndipo ambiri anasiya makampani awo n'kusamukira ku AT&T chifukwa cha foni yokhayo. Kampani ina yaikulu, Verizon, inadzayamba kuigulitsa mu February 2011. Ku Britain inali ya O2 yokha mpaka kumapeto kwa 2009. Ku France inali ya Orange, kufikira bungwe loona za mpikisano pa malonda linaimitsa mgwirizanowo mu December 2008.

Koma chomwe ndikufuna muone ndi ichi. Mu 2008 kunabwera iPhone 3G, ndipo analengeza kuti mtengo watsika kuchoka pa madola 399 kufika pa 199. Anthu anasangalala. Koma nthawi yomweyo ndalama ya data pa mwezi inakwera kuchoka pa madola 20 kufika pa 30. Madola 10 kwa miyezi 24 ndi 240. Munthu anapulumutsa 200 pakauntala n'kudzalipira 240 m'njira. Foni sinatsike mtengo, mtengowo unangosamutsidwa kuchoka pomwe maso amaona kupita pomwe saona.

Ku Germany nako, mu November 2007 Vodafone inatengera T-Mobile kukhoti pa nkhani yomweyi. Kwa kanthawi kochepa T-Mobile inakakamizika kugulitsa iPhone yosamangidwa, ndipo inaika mtengo wa ma euro 999, pomwe ya kontirakiti inali 399. Khoti linadzasintha chigamulo pasanathe mwezi, koma anthu anali ataona kale kuti kumangidwa kuja kampani imakuwerengera ndalama zingati. Ndiye funso lomwe mchemwali wathuyu ayenera kufunsa ndi ili: popeza mukundimanga ku laini yanu, mukundichotsera zingati? Kumanga munthu kuli ndi phindu kwa kampani. Ngati phindulo silikuoneka pa mtengo, ndiye kuti waperekedwa ulere.

Nachisale_18
Aphunzitsi mwafotokoza bwino, koma iPhone ndi nkhani ya anthu olemera. Kuno palibe amene angasamuke netiweki chifukwa cha mtundu wa foni.

MphunzitsiWopuma47
Zoona mayi, ndipo kusiyana kwake kuli pomwepo. Kumeneko nyambo inali foni yomwe aliyense ankaisirira. Kuno nyambo ndi depoziti yochepa. Koma chomwe kampani ikufuna n'chimodzi, kuti bandulo ya mwezi ndi mwezi izigulidwa kwa iyo. Msika wathu uli ndi makampani akuluakulu awiri, ndipo mafoni omwe adzaza m'matumba mwathu, Tecno, itel ndi Infinix, onse a kampani imodzi ya ku China yotchedwa Transsion, anatchuka mu Africa muno mwa zina chifukwa cholowa SIM ziwiri. Munthu wa SIM ziwiri amayang'ana kuti lero bandulo yotchipa ili kuti, n'kusintha ndi chala chimodzi. Kampani imaopa chala chimenecho. Ikamanga polowa SIM yoyamba ndiye kuti yachigwira.

Mlimi_Mitundu
Ine za ku America sindikuzidziwa, koma ndikuuzeni za kumudzi kwathu. Laini ina imagwira m'nyumba momwe, uli chigonere. Inayo kuti uyankhule uyenera kukwera pachulu cha kuseri kwa khola, dzanja m'mwamba, ndipo mvula ikagwa ndiye iwalani. Kumudzi kwa akazi anga, mtunda wosakwana ola limodzi panjinga, zili mosemphana. Ndiye munthu akandigulitsa foni yomangidwa ku laini yomwe kwathu siigwira, wandigulitsa tochi ya K470,000. Mchemwali wanuyo ngati amapita kumudzi kapena kukapikula katundu kumalire, aganizire zimenezi.

Gulliver_Boy
Madala mwatikumbutsa Mose wa lero. Kafoni kaja batire sabata yathunthu, kugwa pansi kokha sikamva. Atachi awa masana sanafike afuna kale chaja.

Kabaza_Area25
Kaja ndikadali nako, ndimasungira laini yachiwiri. Magetsi akazima tsiku lonse ndi komwe kamandipulumutsa.

MaiZitumbuwa_Biwi
Pa batire ndiye musanyengedwe ndi kukongola kwa kamera. Ine ndinasankha ya 5000 mAh, ndikatchaja usiku imandifikitsa madzulo ngakhale ndikhale pa WhatsApp tsiku lonse. Ndinagulanso kasola kakang'ono kotchajira, poti kulipira K200 kubabashopu tsiku ndi tsiku nakonso kumadya phindu.

Gulliver_Boy
Kasola mwagula kuti mayi? Tina tikungotha miyezi iwiri.

AdminiWaGulu
Abale, za masola titsegulire nkhani yake payokha. Mnzathu anafunsa za mtengo ndi za lamulo, ndipo mbali ya lamulo palibe amene waikhudza.

WogulitsaMafoni_Area2
Lamulo lisanabwere ndiloleni ndiyankhe monga mmodzi wa omwe mukuwatchula akatapilawo. Sindine wa shopu yomwe yatchulidwayo, koma malonda ndi omwewa.

Foni iliyonse yomwe ili pashelefu panga inagulidwa ndi madola, kaya yachokera ku Dubai, ku China kapena yadzera ku Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe. Ine ndimagulitsa m'makwacha. Mu May 2022 kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti. Mu November 2023 inagwanso ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Amene anali atakongoza mafoni sabata imeneyo isanafike anapitiriza kulandira K10,000 yomweyo pa sabata, koma ndalamayo sinkathanso kugula foni ina yobwezeretsa pashelefu. Ena anatseka mashopu. Ndiye munthu akamaika mtengo wa masabata 40 amayang'ana kutsogolo ndi mantha. Onjezani kuti madola kubanki sapezeka mwachangu, msonkho wa pachipata, komishoni ya mnyamata yemwe wakulembetsani, ndalama ya kampani ya loko ija, ndi anthu omwe amatenga foni n'kuzimiririka. Amene amabweza mokhulupirika ndi amene amalipirira othawawo. Sizabwino, koma ndi mmene zilili.

Za kufunika kwa katundu nazo zimasintha mtengo. Msika wa fodya ukatsegulidwa ku Kanengo cha mu April, ndiponso anthu akagulitsa soya ndi mtedza, mafoni amayenda ndipo palibe wogulitsa amene amatsitsa. December chimodzimodzi. Koma January ndi February, fizi yavuta, ufa wakwera, shopu imakhala zii. Nthawi imeneyo mukabwera ndi kashi m'manja tikhoza kukambirana ndithu. Komanso mtundu watsopano ukangofika, wa chaka chathawo umatsika, pomwe kusiyana kwake mwina ndi kamera chabe.

OwerengeraMakobidi
Bwana, zomwe mwanenazo ndi zoona ndipo kukwera mitengo kwa zinthu mu 2024 kunadutsa 30 peresenti, sindingakane. Koma zonse mwatchulazo zikufotokoza chifukwa chake K470,000. Sizikufotokoza chifukwa chake laini imangidwe. Ngati kampani ya netiweki ikuikapo ndalama pa foniyo, mtengo ukanatsika. Ngati sikuikapo kanthu, ikumanga munthu pa chifukwa chanji?

WogulitsaMafoni_Area2
Nthawi zambiri pamakhala kabandulo ka mwezi ndi mwezi komwe amapereka, ndipo malipiro amadzera pa mobile money ya kampaniyo, ndiye amafuna laini ikhale yamoyo. Koma ndivomereze kuti kabanduloko nthawi zina n'kochepa poyerekeza ndi zomwe munthu wataya.

MwanaWaKawale
Kabanduloko kalipo, ndaona papepala. Koma kwa munthu wotumiza zithunzi za zitenje tsiku lonse sikangafike ndi pakati pa mwezi pomwe.

OwerengeraMakobidi
Ndiye achite chonchi. Aone mtengo wa bandulo yofanana nayo akagula yekha, achulukitse ndi miyezi 9, achotse pa K170,000 ija. Chotsalacho ndiye mtengo weniweni wa ngongole. Kenako ayerekeze ndi shopu ina yokongoza foni yomweyo popanda kumanga laini. Zikafanana, ndiye kuti kumangidwako sanamulipire kalikonse.

ZaMalamulo_CityCentre
Pa funso lachiwiri lija. Mabungwe okhudzidwa ndi awiri. MACRA ndi yomwe imapereka ziphaso kwa makampani a mafoni ndi kuyang'anira ntchito zawo, pansi pa lamulo la zofalitsa mauthenga la 2016, ndipo imalandira madandaulo a ogwiritsa ntchito. CFTC ndi yoona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda. Lamulo lake loyamba linali la 1998, ndipo mu 2024 kunabwera latsopano lomwe linaipatsa mphamvu zochulukirapo. Palinso lamulo loteteza ogula la 2003.

Mgwirizano woti katundu wina azigulitsidwa ndi kampani imodzi, kapena limodzi ndi ntchito ya kampani imodzi, sukhala mlandu pongoti ulipo. Chomwe chimayang'anidwa n'choti kodi ukupha mpikisano, ndipo kodi wogula anauzidwa zoona. Apa m'pamene mchemwali wanu ali ndi poimira. Kubisa mfundo yaikulu ngati imeneyi, kapena kulonjeza pakamwa zomwe papepala palibe, ndi nkhani yomwe angapite nayo kukadandaula. Koma kudandaula kumafuna umboni. Asunge pepala la mgwirizano, malisiti, ndi mauthenga onse otsimikiza kuti walipira. Asafufute ngakhale umodzi.

Maiko ena anafika poletseratu. Ku Canada kuyambira December 2017 mafoni atsopano amagulitsidwa osamangidwa ndipo kumasula ndi kwaulere. Ku Britain bungwe la Ofcom, lomwe lili ngati MACRA ya kumeneko, linaletsa kugulitsa mafoni omangidwa ku netiweki kuyambira December 2021. Kumeneko anthu akugulabe mafoni pa kontirakiti, ngongole ikubwezedwabe. Izi zikusonyeza kuti kuteteza ngongole ndi kumanga laini ndi zinthu ziwiri zosiyana. Ine maganizo anga ndi akuti loko wa ngongole ali ndi chifukwa chomveka, ngakhale amapweteka monga anenera achimwene a kabaza. Wa laini, pa msika wa makampani awiri, ndi wofunika kuti a MACRA amuyang'anitsitse.

Chinsapo_2
Kudandaula kumathandiza koma? Mu 2020 tinafuula za mtengo wa data mpaka kutopa.

ZaMalamulo_CityCentre
Munafuula ndipo nkhaniyo inafika pa tebulo la akuluakulu, mabandulo ena otsikirapo anabwera pambuyo pake. Dandaulo la munthu mmodzi limachedwa, koma akachuluka olemba za chinthu chimodzi bungwe limakakamizika kufufuza. Vuto lathu timadandaulira m'minibasi, kalata osalemba.

NabandaWaBankiMkhonde
Ine ndabwera mochedwa koma ndawerenga zonse. Pali njira yomwe simunaitchule. Mtsikanayu ali ndi K70,000, ndipo akuti angathe K10,000 pa sabata. Akamasunga yekha, pa masabata 23 wakwanitsa K300,000. Foni ya kashi, yopanda loko aliyense, ndipo masabata 17 otsalawo ndalama ikupita ku mpamba wa zitenje. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ngati kusunga yekha kumamuvuta alowe chipereganyu ndi anzake apamsika, apemphe kuti alandire nawo koyambirira. Ngakhale kubanki mkhonde kwathu, komwe timabwereketsana pa 20 peresenti, chiwongola dzanjacho chimabwerera kwa ife tomwe pogawana mu December.

MaiZitumbuwa_Biwi
Anabanda, 20 peresenti yanuyo ndi ya pa mwezi, musaiwale kunena. Akachedwa miyezi itatu yafika pati? Komanso masabata 23 ndi pafupifupi theka la chaka. Foni ya K300,000 lero idzakhala ili pomwepo? Ine shuga ndi mafuta ophikira zandiphunzitsa kuti mtengo sudikira munthu. Ndipo miyezi yonseyo makasitomala a pa WhatsApp akugula kwa ena.

NabandaWaBankiMkhonde
Ya pa mwezi inde, n'chifukwa chake ndinayamba ndi chipereganyu chomwe chilibe chiwongola dzanja. Za kukwera mtengo mwanena zoona. Koma ngakhale itakwera kufika K350,000, akadali pansi pa K470,000 ndi ndalama yambiri.

Nachisale_18
Nonse awiri mukulondola, zikungotengera kuti foniyo ibweretsa zingati. Ngati kutsatsa pa WhatsApp kungamuonjezere phindu loposa K10,000 pa sabata, atenge lero, foni idzilipira yokha. Ngati akungoyerekeza, asunge kaye. Iye ndi amene akudziwa kuti zitenje zimayenda bwanji. Ndipo afunsenso ngati akamaliza msanga amamuchotsera. Ena ukalipira yonse pa miyezi itatu mtengo umatsika kwambiri, ena ayi, umalipira yonse ngakhale umalize mawa.

Gulliver_Boy
Bwanji osangogula yotsikirapo? Pa WhatsApp ndi zithunzi sipafunika foni ya K300,000.

MkonziPaBwaloLaNjobvu
Zotheka aise, koma asatsike mopitirira. Ya malonda ikhale ndi RAM, ija imathandiza foni kuyendetsa zinthu zambiri nthawi imodzi, yosachepera 3GB kapena 4GB ndi mosungira 64GB, apo ayi magulu a WhatsApp akangochuluka iyamba kuima, azingofufuta zithunzi za katundu wake yemwe. Ndipo kamera ikhale yoonetsa mtundu weniweni wa nsalu. Kasitomala akaitanitsa chofiira n'kulandira cha mtundu wa njerwa sabweranso.

Mlimi_Mitundu
Amisiri ndifunse nawo. Ngati amanga polowa SIM yoyamba pokha, ndiye kuti pachiwiripo ndikhoza kuikapo laini yanga ya kumudzi?

MkonziPaBwaloLaNjobvu
Zimatengera mmene aikonzera, madala. Zambiri zomwe zadutsa m'manja mwanga, pachiwiripo pamalola laini iliyonse kuimba, kulandira mauthenga, ndi zoimba manambala ngati *211# ya Airtel Money kapena *444# ya Mpamba. Chomwe amatseka ndi data, kuti intaneti izidzera pa SIM yoyamba yokha. Zina ukachotsa SIM yoyamba ija foni yonse imakana kugwira ntchito. Musadalire zonena za mnyamata wa pakauntala, nayenso nthawi zina sanayesepo. Pitani ndi ma SIM anu onse awiri, muikemo pomwepo musanapereke depoziti, muyatse data pa iliyonse, mutsegule tsamba limodzi muone. Akakana kuti muyese, tulukani.

Kabaza_Area25
Nanga ikabedwa kapena kusweka ngongole isanathe? Mnzanga wa pasiteji anamutsomphola foni ku Malangalanga mwezi wachiwiri.

WogulitsaMafoni_Area2
Pokhapokha papepala patalembedwa za inshuwalansi, ngongole imapitirira. Walanti imakhudza zowonongeka zochokera kufakitale, osati sikirini yosweka kapena kubedwa. Mnzanuyo akanene kupolisi ndi IMEI, apite ndi lipoti kwa omwe anamukongoza kuti aitseke, wakubayo asapindule nayo. Ena amamva chisoni n'kukonza malipiro mwatsopano, koma zimenezo ndi kukambirana, si ufulu wake.

Kabaza_Area25
IMEI analibe, bokosi anataya tsiku lomwelo.

WogulitsaMafoni_Area2
Ili pa pepala la mgwirizano, ndipo kushopu ali nayo m'kompyuta chifukwa loko amayendera nambala yomweyo. Apite ndi chiphaso chake cha unzika akawapemphe amulembere.